Bungwe la asilikali opuma likundiitana, kodi ndilowe?

FUNSO

Akulu, ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba. Ndinalowa usilikali mu 1999 ndipo ndapuma chaka chathachi ndili sajeni. Ku Congo ndinapitako kawiri. Chipumireni, tsiku langa limangokhala kukaona kamunda ku Songani, kubwerako, n'kukhala pakhonde. Anzanga amene tinkadyera mbale imodzi anabalalika, ena ali ku Mzuzu, ena anatsogola.

Mwezi watha mnzanga wina anandipeza pamsika n'kundiitanira ku bungwe la asilikali opuma limene limakumana Loweruka loyamba la mwezi. Ndinapitako kamodzi, ndipo kunena zoona ndinaseka kuseka kumene ndinali ndisanaseke chaka chonse. Kulowa akuti ndi K30,000, kenako K5,000 mwezi ndi mwezi. Akulonjeza bokosi ndi chipepeso pa maliro, ngongole, ntchito za ulonda, komanso akuti atilondolera ndalama zathu zotsalira za ku Congo ndi thandizo lochokera ku Britain. Akufuna fotokope ya chitupa cha unzika, nambala yanga ya usilikali ndi nambala ya akaunti imene ndimalandirira penshoni. Wapampando wake anali bwana wanga kuntchito, munthu amene sindinamufunsepo kuti "chifukwa chiyani". Mayi akunyumba akukana, akuti penshoni njochepa kale. Ndingadziwe bwanji ngati bungweli lili loona?

Sajeni wopuma, Chinamwali

YANKHO

Achimwene, za kusekako ndazimva, ndipo musazipeputse. Inenso nditangovula yunifolomu ndinkadzuka 4 koloko m'mbandakucha, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala pampando wopanda kopita. Minibasi ikamadutsa pa geti la Cobbe Barracks khosi linkatembenuka lokha. Munthu amene watha zaka zoposa 20 akudzutsidwa ndi lipenga, kudya ndi anzake, kuchita mantha limodzi ndi anzake, sangazolowere khonde m'mwezi umodzi. Kufuna kwanu kukhala pakati pa asilikali anzanu n'koyenera. Koma mayi akunyumba nawonso sakulakwa, ndipo ndikupemphani kuti pa nkhani yonseyi muyende nawo limodzi. Bokosi ndi chipepeso akulonjezazo, amene adzazidikire pakhomo ndi iwowo, inu mutagona.

Ndiyambe ndi bwana wanuyo, poti m'kalata yanu yonse mawu amene andigwira mtima ndi akuti simunawafunsepo "chifukwa chiyani". Ine zimenezi ndinapsa nazo. Patapita zaka zingapo nditapuma, tinayambitsa kagulu ka anthu 23, tonse opuma, ambiri a konkuno ku Zomba. Msungichuma tinasankha mkulu wina amene ambirife anatilamulirapo, munthu waudongo, nsapato zake zowala ngati galasi ngakhale m'matope a dzinja. Tinkasonkha mwezi uliwonse, iye n'kumalemba m'kope lake. Zaka zitatu zinatha, palibe ndi mmodzi yemwe anapempha kuona kopelo. Tsiku lina kopolo mnzathu wa cha ku Jali anamwalira. Tinapita anthu atatu kukatenga ndalama ya bokosi, mkulu uja n'kutiuza kuti ndalama "zili m'manja mwa anthu", anakongoza. Anthu ake ati? Anatchula awiri, enawo anawaiwala. Bokosi tinakatenga pangongole kwa kalipentala, ndipo mayi wamasiye uja tinawapatsa zimene tinapeza m'matumba mwathu tsiku lomwelo. Mpaka lero ndikakumana ndi mayiwo pamsika ndimasowa poyang'ana. Mkulu uja mwina sanayambe ndi mtima wakuba. Ndalama yopanda woiyang'anira imasungunuka pang'onopang'ono m'manja mwa wina aliyense. Mlandu waukulu unali wathu, ife 22 amene tinkaona ngati kupempha lisiti ndi mwano.

Ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, anatiphunzitsa kuti lamulo umayamba wachita, kudandaula n'kwapambuyo. Chiphunzitso chimenechi chinasunga moyo wanga pamene tinkalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ndikhulupirira chinasunganso wanu m'nkhalango za ku Congo. Koma bungwe la anthu opuma si bataliyoni. Mmenemo sajeni ndi kanelo amasonkha K5,000 yofanana ndipo aliyense voti yake ndi imodzi. Bwanawo apatseni ulemu wawo, muziimirira akamalowa ngati mtima wanu ukutero, koma buku la ndalama lilibe ranki. Bwana amene analidi mtsogoleri wabwino amakondwa akafunsidwa, chifukwa amadziwa kuti buku loonekera kwa onse limatchinjiriza dzina lake lomwe.

Tsono musanaone pepala lililonse, chitani ichi. Pa msonkhano ukubwerawu funsani kuti membala womaliza kumwalira anali ndani ndipo kwawo n'kuti. Mukwere minibasi kapena kabaza, kaya ndi ku Thondwe, kaya ku Domasi, kaya ku Chingale. Mupite ndi mayi akunyumba, mutengeko kashuga ndi sopo, mukapepese maliro monga mwa mwambo wathu. Inu mukakhale panja ndi amuna. Amayi awiriwo akakalowa kukhitchini akauzana zimene inu simungauzidwe. Bokosi linafika pa nthawi yake, kapena adzukulu anachita kudikira dzenje lili lokumbakumba? Chipepeso chinafika chonse monga analonjezera, kapena chinkabwera mobenthula? Anabwera angati, ndipo anagona pa siwa kapena anangofika nthawi ya zolankhula atavala mamendulo, n'kubwerera? Funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi ili: maliro atatha, patapita miyezi itatu, alipo amene anabweranso kudzafunsa ngati mapepala a ndalama za malemu akuyenda, ngati ana akupitabe kusukulu? Ulendo umenewu ukudyerani ndalama yosafika pa K30,000 yolowera ija, koma mukamva zambiri kuposa zimene angakuuzeni wapampando, mlembi, ngakhale ineyo. Akakuuzani kuti sanaferedwepo chifukwa bungwe ndi latsopano, si mlandu, koma dziwani kuti lonjezo lawo silinayesedwe, ndipo mapepala muwaone ndi maso onse awiri.

Mapepala ake si ambiri. Loyamba ndi malamulo oyendetsera bungwe, olembedwa, oti mupite nawo kunyumba mukawerenge modekha. Muone kuti atsogoleri amasankhidwa pakapita zaka zingati, ndipo mufunse kuti chisankho chomaliza chinachitika liti. Muone ngati ufulu wanu wa chipepeso umatha mukalephera kusonkha miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri amalirira pamenepa: munthu wasonkha zaka zisanu, wagona m'chipatala miyezi itatu, wamwalira, banja n'kuuzidwa kuti anali ndi ngongole ndiye palibe chotuluka. Muone ngati mayi ndi ana akuwerengedwa, ndi zimene zimachitika mukafuna kutuluka. Muonenso ngati ndalama ya chipepeso imaunikidwanso nthawi ndi nthawi, chifukwa kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene inkagula bokosi labwino kale, lero mwina ingogula matabwa okha.

Lachiwiri ndi satifiketi ya m'kaundula. Mabungwe ambiri otere amalembetsa kwa Registrar General motsata lamulo la Trustees Incorporation Act la 1962, ndipo pamakhala maina a matrasti amene amayankha pa katundu wa bungwe. Ngati akudzitcha bungwe lomwe si la boma, lolandira thandizo kuchokera kunja, ayenera kudziwika ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, imene kale inkatchedwa NGO Board. Ngati akusunga ndalama za anthu n'kumakongoza ngati SACCO, imeneyo ndi nkhani ya chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Kagulu kakang'ono kothandizana pa maliro sikafunika zonsezi, ndipo sindikunena kuti kopanda satifiketi ndi ka akuba. Koma pamenepo kazichita ngati amayi a banki mkhonde: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa mokweza pamaso pa aliyense. Amayi ogulitsa tomato pa Mpondabwino amakwanitsa zimenezi sabata ndi sabata. Ife amene tinkawerenga zipolopolo chimodzichimodzi pozibweza kosungira zida tisalephere.

Lachitatu ndi sitetimenti ya kubanki. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, osainira atatu, ndipo ndalama isamatuluke popanda awiri mwa iwo. Akati mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba, onani dzina limene likutuluka pafoni musanaike PIN. Likatuluka la munthu, funsani chifukwa chake. Ndalama iliyonse mwapereka, lisiti ya nambala m'manja. Kenako khalani pansi ndi mayi muchite masamu. Chaka choyamba chokha inu mupereka K90,000. Ngati osonkha alipo 60, pamwezi pazilowa K300,000, pachaka K3.6 miliyoni. Funsani kuti chaka chatha kunagwa maliro angati ndipo panatuluka zingati, muone ngati zotsalazo zikufanana ndi zimene banki ikunena. Ife tonse tikukalamba, ndipo m'gulu la anthu opuma maliro sachedwa. Lonjezo likakula kuposa zosonkha, ndiye kuti chipepeso cha oyamba kufa chikulipiridwa ndi ndalama yolowera ya atsopano, ndipo tsiku limene atsopano adzaleke kubwera, wina adzaikidwa pangongole ngati kopolo wathu uja.

Pa malonjezo onse mwatchula, awiri ndiwo andidetsa nkhawa. Thandizo la ku Britain lilipodi, koma lili ndi eni ake. Limachokera ku Royal Commonwealth Ex-Services League ya ku London, ndipo ndi la anthu amene anatumikira ufumu wa Britain dziko lawo lisanalandire ufulu, pamodzi ndi akazi awo amasiye. Kwathu kuno ndiye kuti asilikali a King's African Rifles (KAR), a Keyala aja, amene anakamenya nkhondo ku Burma m'zaka za m'ma 1940 ndi ku Malaya m'ma 1950, ufulu wa pa 6 Julaye 1964 usanabwere n'kusandutsa bataliyoni yoyamba ya KAR kukhala Malawi Rifles. Otsala ndi ochepa zedi, okalamba kwambiri, ndipo nyumba zija za pafupi ndi chipilala cha chikumbutso cha asilikali konkuno ku Zomba, pamsewu wopita ku Blantyre, anazimangira anthu otere. Inu munalowa mu 1999, ine mu 1984. Khomo limenelo si lathu, ndipo wokuuzani kuti alitsegula mukalipira, mwina sakudziwa, mwina akunama dala.

Za ku Congo nazo n'chimodzimodzi. United Nations silipira malipiro a msilikali m'manja mwake. Imabwezera boma limene latumiza asilikaliwo, madola opitirira pang'ono 1,400 pamwezi pa msilikali aliyense, ndipo zimene msilikali amalandira zimadzera ku boma lake motsata ndondomeko za kwawo. Palibe bungwe lokumana Loweruka limene lingakatenge ndalama zanu ku New York. Ngati mukukhulupirira kuti pali zanu zotsalira, njira yake ndi kalata yopita kulikulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks, yokhala ndi nambala yanu ndi masiku amene munapita ndi kubwerako, inu n'kusunga fotokope. Zikavuta, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno ku Zomba. Bungwe labwino lingathandize ndithu pamenepa, poti kalata yosainidwa ndi anthu makumi angapo imamveka kuposa ya munthu mmodzi. Chimene bungwe labwino silinena ndi chakuti "lipirani kuti dzina lanu lilowe pamndandanda". Mawu amenewa abale athu amene anakakumba migodi ku Joni awamva kwa zaka zambiri, ndipo ena alowa m'manda timalisiti tili m'thumba la jekete.

Za ntchito za ulonda, pemphani maina a anthu atatu amene analembedwadi, mukawafunse nokha malipiro awo ndiponso ngati bungwe limadulapo kanthu.

Chitupa ndi nambala ya usilikali apatseni mukatsimikiza zolowa. Bungwe limene silifufuza ngati munthu analidi msilikali ndi limene ndingalikayikire kwambiri, chifukwa ovala mamendulo a eni alipo. Pa fotokopeyo mulembe ndi bolopeni modutsa pakati kuti ndi ya umembala wa bungwe lakutilakuti, muikepo ndi deti, kuti isakagwire ntchito ina monga kutengera ngongole kapena kulembetsera simukhadi. Nambala ya akaunti ya penshoni sindikuona ntchito yake pa fomu yolowera. Khadi la ATM ndi PIN musapatse munthu aliyense, ngakhale atati ndi chikole cha ngongole. Amenewo ndi machitidwe a katapila, ndipo ndaona anzathu akutha chaka chathunthu osaigwirako penshoni yawo.

Muzitcheranso khutu pa zokamba zawo. Nthawi ya kampeni asilikali opuma timasakidwa, chifukwa timadziwa kufola, timamvera, ndipo ambirife m'matumba mwauma. Aliyense ali ndi ufulu wokonda chipani chake, koma bungwe likayamba kugawa nsalu za chipani pamsonkhano, kapena kulemba maina a "achitetezo" okaima pa misonkhano ya ndale, nyamukani. Ine ndinalipo mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, pamene asilikali tinalanda zida a Malawi Young Pioneers, ndipo ndinaona ndi maso anga kumene gulu lophunzitsidwa zausilikali limathera likakhala m'thumba la chipani. Dzina labwino limene asilikali a dziko lino tili nalo pakati pa anthu wamba tinalipeza movutikira, ndipo mtima umandipweteka ndikaona munthu wa imvi akuligulitsa ndi nsalu ndi botolo la chakumwa.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa pa fomu, koma kwa inu amene munapita ku Congo kawiri ndi chofunika. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 pa nkhondo imodzi kufupi ndi tauni ya Beni ku Congo, ndipo amene anabwerako ku maulendo otere si onse amagona tulo bwino. Pamsonkhanopo yang'anani mmene amamutengera munthu amene wayamba kumwa kuyambira m'mawa, kapena amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Ngati amamuseka n'kumupatsa dzina, si malo abwino. Ngati alipo amene amamuyendera kunyumba, amene angamuperekeze ku Zomba Central kapena ku Zomba Mental Hospital popanda kumuchititsa manyazi, bungwe limenelo ngakhale chipepeso chake chitachepa ine ndingalowe.

Bungwe lodziwika m'dziko muno ndi Veterans and Ex-Service League of Malawi, mwachidule VELOM, limene akuluakulu amalitchulabe ndi dzina lakale la CELOM. Ndilo limagulitsa timaluwa tofiira ta popi chaka ndi chaka pokonzekera tsiku lokumbukira asilikali, Lamulungu lachiwiri la Novembala. Funsani anzanuwo ngati ali nthambi ya VELOM kapena ali paokha. Kukhala paokha si tchimo, koma akati ndi nthambi, mukatsimikize kwa eni ake a VELOM, ndipo mafunso onse ndalembawa muli ndi ufulu wowafunsa kumenekonso. Novembala akafika mudzapite pachipilala paja. Nthawi ya 11 koloko pamakhala mphindi ziwiri za chete, kukumbukira ola limene mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, kutha kwa nkhondo imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Mwambo ukatha musafulumire kuchoka. Mudzaone amene akuthamangira kujambulitsa ndi akuluakulu, ndi amene atsalira kugwira mkono agogo aja ndi kukankha njinga zawo za olumala kubwerera kunyumba. Anthu a bungwe lanulo mudzawapeza mbali imodzi mwa ziwirizi.

Pakadali pano pitaniko misonkhano ina iwiri ngati mlendo, osalipira kanthu. Wokuuzani kuti kalembera atsekedwa Lachisanu akufuna kuti musapeze mpata woganiza. Bwana wanuyo musayambe kuwafunsa pagulu, angaone ngati mukuwachotsa ulemu. Apezeni pambali msonkhano utatha, munene kuti: "Bwana, ndakondwa kukupezaninso, ndipo mtima wolowa ndili nawo. Koma ine ndi mayi kunyumba tikufuna tione malamulo ndi sitetimenti ya miyezi 6 yapitayi tisanatulutse ndalama. Ndingazipeze kwa ndani?" Akakuitanirani mlembi ndi msungichuma pomwepo, ndipo za kwa mayi wamasiye zikakhala kuti zinayenda bwino, lowani. Mukalowa muzipita kumisonkhano, muzifunsa lipoti la ndalama mwezi uliwonse, ndipo akakusankhani pa udindo musakane. Akakwiya, akati "sajeni, wayamba liti kundikayikira", aperekereni sawatcha, tsanzikani bwinobwino, K30,000 ija muonjezere pa ya feteleza wa ku Songani. Anzanu munaseka nawo aja mutenge manambala awo a foni, muziwaitana pakhonde panu Loweruka masana.

Mukabwerako kwa mayi wamasiyeyo mundilemberenso, mundiuze zimene amayi awiriwo anauzana kukhitchini.